Kompyuta ya Ahedi Yazima, Ndirande Yonse Yasanduka Amisiri

Sabata ino nkhani za mpira zachepa mphamvu kuno ku Ndirande. Kaya mupite kokametetsa, kaya ku chigayo, kaya mukhale pa bawo kuseri kwa msika, mupeza anthu akukangana za bokosi lakuda la mphunzitsi wina wopuma, amene tonse timawatchabe Ahedi ngakhale choko anachisiya kalekale. Bokosilo ndi kompyuta ya patebulo, ija ambiri amangoti CPU. Lolemba m'mamawa Ahedi anadina batani monga mwa masiku onse. Fani inazungulira, kanyali kanayaka, koma pa sikirini panali bii. Kenaka bokosi linalira katatu, pii, pii, pii, ngati mwanapiye wotayika, basi n'kungokhala.

Ikanakhala kompyuta yoonerapo makatuni, palibe akanasowa tulo. Koma m'bokosimo ndi momwe muli kaundula wa banki m'khonde ya amayi a m'dera lathu: amene anakongola, amene wabweza, masheya a aliyense, chindapusa cha ochedwa, zonse. Ahedi ndiwo amawasungira chifukwa amadziwa Excel ndipo sasokoneza ngakhale tambala. Mwezi wogawana ndalama wayandikira. Ndiye pofika masana amayi anayi anali atakhala kale pakhonde la Ahedi, nkhope zili ndwii, ngati adzazonda wodwala wa kayakaya. Mmodzi anabwera ndi nthochi.

Woyamba kugamula mlandu anali wometa wathu, mnyamata amene amatha kukuuzani nkhani za dziko lonse asanamalize mutu umodzi. "Madala, inu simunamve? Windows 10 inamwalira pa 14 Okutobala. Azungu azimitsa makompyuta onse akale kuti tigule atsopano." Bambo amene anali pampando, mbali imodzi ya mutu itametedwa kale, anavomera kuti naye anaziona pa WhatsApp. Nkhaniyi mutu wake ndi woona, mchira ndi wokometsera. Chimene chinachitika pa 14 Okutobala 2025 n'chakuti kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zigamba zaulere zotseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera. Palibe anazimitsa kompyuta ya munthu. Windows 7 anaisiya mu Januwale 2020, koma pitani m'malo otayipira makalata ku Limbe, mukaipezabe ikusindikiza ma CV a ofuna ntchito. Chodetsa nkhawa n'chakuti nyumba imene mwini wasiya kumata ming'alu, makoswe amayamba kulowamo pang'onopang'ono, makamaka ngati kompyutayo imalowa pa intaneti ndipo mumatsegulirapo za ku banki. Wometayo anakhudzanso chilonda china osadziwa. Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ikakhala ya Intel ikhale ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, wa m'ma 2017, kapena yobwera pambuyo pake. Makompyuta ambiri a kaunjika amene ali m'nyumba zathu ndi akale kuposa pamenepo. Komabe bokosi la Ahedi linalira Windows isanadzuke n'komwe, choncho mlanduwu si wa Windows.

Anyamata obena nyimbo pafupi ndi siteji ya minibasi anaseka atamva za wometa. Kwa iwo nthenda ilipo imodzi yokha pa dziko lapansi. "Ndi vairasi imeneyo, akulu. Ahedi amalola aliyense kubayapo fulashi. Tibweretsereni tiifomate, mawa ikhala ngati yatsopano." Sindiwadzudzula kwenikweni, chifukwa vairasi ija ya shortcut, yobisa mafayilo pa fulashi n'kusiya timivi tokhatokha, yawaliza kokwanira, ndipo pa benchi yawo simungasowe Smadav, kapulogalamu kobiriwira kochokera ku Indonesia, kamene amakakhulupirira ngati mankhwala a agogo. Koma kufomata kwasanduka panado wa m'tauni muno: mutu panado, mwendo panado, chibayo panado. Kufomata n'kufufuta. Kaundula yense akanapita ngati madzi otayikira pamchenga. Mawuwa atafika pakhonde paja, amayi atatu anakuwa pamodzi kuti asayerekeze. Wachinayi, amene anthu akunong'ona kuti ngongole yake ndiyo yonenepa, anafunsa mwaulemu wonse kuti kodi kufomatako amalipiritsa zingati. Khonde lonse linafa nalo phwete, mwini wake n'kuseka kuposa onse.

Ku chigayo nkhani inakhotera kwina. Agogo ena anati chinthu sichingagone chili bwinobwino n'kudzuka chili chakufa popanda dzanja la munthu, makamaka mukakhala ndalama za anthu mkati. Woyendetsa chigayo, bambo wodziwa mawaya, anawayankha mofatsa: "Agogo, dzanja lilipodi, koma limadzera mu soketi." Apa ndinatchera khutu, chifukwa mkuluyu amanena zoona. Magetsi akazima mwadzidzidzi kompyuta ili mkati molemba, mafayilo amadukira panjira. Akamabwerera, nthawi zina amabwera ndi ukali n'kumenya power supply, kabokosi kamene kamafewetsa magetsi a pakhoma kukhala ma volti 12, 5 ndi 3.3 amene ziwalo za mkati zimadya. Tonse tikukumbukira mdima umene unatigwera namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Ambiri a ife tinaphunzira dzina la UPS m'miyezi imeneyo. Ndi kabokosi kolemera kokhala ndi batire mkati, kamene magetsi akazima kamakupatsa mphindi zingapo zoti usunge ntchito ndi kuzimitsa kompyuta bwinobwino. Anthu amadandaula mtengo wake, pomwe chotetezera firiji amagula osaganiza kawiri. Ndimawakumbutsa kuti nyama ya m'firiji ikaola umakagula ina kubutchala, koma zithunzi za ukwati wa malemu mayi ako palibe msika umene ungakazipeze. Ndipo m'nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba kung'anima, zulani pulagi pakhoma. Kuzimitsa pa switchi pokha sikokwanira.

Nkhani ya magetsiyi inatipezanso m'minibasi ya ku Limbe. Kondakitala atangomaliza kutolera, bambo wina anatiuza za kompyuta imene alamu ake anamutumizira kuchokera ku Indiana. Inayenda miyezi m'kontena, inawoloka nyanja, inafika yosakandika pena paliponse. Banja lonse linasonkhana pabalaza. Anasintha chingwe, n'kuika cha mano atatu athu aja, anadina batani. "Phuu! Achimwene, utsi! Mwana wathu wamng'ono anawomba m'manja akuyesa ndi mmene imayakira." Minibasi inagwedezeka ndi kuseka, ngakhale dalaivala anapukuta misozi. Chinachitikacho n'chodziwika bwino. Ku America m'makoma mumayenda ma volti 120, kuno kwathu 230. Ma power supply atsopano amadzisinthira okha, koma akale ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo, kolembedwa 115 mbali ina ndi 230 mbali ina. Mukabaya pakhoma lathu kali pa 115, mwaphika. Chimene bamboyo sanadziwe n'chakuti kawirikawiri chimapsa ndi power supply yokhayo, zina zonse zimapulumuka. Iye anangonyamula bokosilo n'kuliika pamwamba pa wadirobu, ndipo lakhala pamenepo zaka zitatu, akazi ake akuyalapo nsalu. Tisanafike ku Limbe theka la minibasi linali litamulamula kuti akalitsitse tsiku lomwelo.

Amene ndinacheza naye nthawi yaitali ndi msiri wachikulire wina amene ali ndi kabenchi m'tauni, munthu amene anayamba kukonza makompyuta nthawi ya masikirini a chimutu aja. Nditamuuza za agogo a ku chigayo anamwetulira. "Bambo, ine yolodzedwa sindinaione. Koma zophedwa ndi fumbi ndaika m'manda zambiri." Anayamba kuwerenga pa zala zimene wazipeza akatsegula mabokosi a anthu: mphemvu ndi mazira ake, nalimata wouma gwa mkati mwa power supply, kanyumba kadothi ka mavu komatidwa pafupi ndi fani, makobidi amene mwana anaponya pa kabowo akuyesa ndi banki, ndi fumbi lolukana ngati bulangete. Anati m'nyumba zophikira pa mbaula, mwaye umasakanikirana ndi fumbi n'kumata ngati phula.

Chimamupweteka kwambiri mkuluyu ndi chikondi chathu. Timaikonda kompyuta mpaka kuifunditsa kansalu koluka, kuikapo vazi ya maluwa, kuikankhira m'kabati yotseka kuti ana asaigwire, kapena kuiika pansi penipeni pamene tsache limautsira fumbi m'mawa uliwonse. Chonsecho kompyuta imapuma. Imakoka mpweya wozizira kutsogolo n'kutulutsa wotentha kumbuyo. Mukaitseka mphuno m'mwezi wa Okutobala, purosesa ikatentha imayamba yadzichepetsera liwiro, ndipo kutentha kukapitirira imadzizimitsa yokha kuti isapse. Mwini wake amati yakalamba, pomwe ikungobanika. Mankhwala ake ndi kuzula pulagi, kutsegula mbali, kutulutsa bokosi panja ndi kuuzira fumbi ndi blower, chala chitagwira fani kuti isazungulire mopenga. Pakati pa purosesa ndi chitsulo chake choziziritsa pamakhala kaphala kotchedwa thermal paste, kamene kamauma zaka zikamapita. Kadontho konga njere ya nandolo kamakwana. Apa ndipo panatuluka nkhani imene yaseketsa anthu sabata yonse: mnyamata wina anamva kuti Colgate amagwira ntchito yomweyo, ndiye anapaka mosaumira. Tsiku loyamba chipinda chinanunkhira ngati m'kamwa motsuka, tsiku lachinayi Colgate anauma ngati laimu ndipo kompyuta inayambanso kuzima. Chenjezo limodzi la mkuluyu ndilibwereze mmene analinenera: power supply musaitsegule. Mkati muli ma capacitor amene amasunga magetsi ngakhale mutazula pakhoma, ndipo amatha kumugwetsa munthu wamkulu.

Pa bawo, nkhani ya Ahedi inangokhala poyambira, chifukwa posakhalitsa panabuka mpikisano wodzitama. "Yanga ndi i7, aise, osati zoseweretsa za i3," anatero mkulu wina akutakata njombwa. Mnzake anamufunsa kuti ya chaka chanji, iye n'kungoti kukamwa yasa. Kunena kuti i7 kuli ngati kunena kuti ndili ndi Benz osatchula chaka. Ilipo i7-2600 ya 2011, ndipo ilipo i3-12100 ya 2022, imene imaisiya i7 yakaleyo kutali ngati njinga yamoto ndi yakapalasa. Chinsinsi chili pa manambala oyamba pambuyo pa kamzere: 2 ndi m'badwo wachiwiri, 12 ndi wa khumi ndi chiwiri. Ogulitsa ena amadziwa kuti makutu athu amakonda 7, ndiye amakuwa za 7 yekhayo. Mkulu yemweyo anali ndi dandaulo lina. Anagula hadi yolembedwa 500 GB, koma kunyumba Windows inamuonetsa 465. "GB 35 zanga anadya ndani?" Anali wokonzeka kukabweza. Palibe anadya. Opanga mahadi amawerenga m'magulu a 1,000 pomwe Windows imawerenga m'magulu a 1,024, ngati chimanga chomwecho wina akuyeza ndi ndowa yosalaza, wina ndi yosefukira. Hadi ya 1 TB imaoneka 931 GB pa chifukwa chomwecho.

Koma nkhani imene yandigwira mtima ndi ya mwana wa alamu anga, chifukwa anthu akuikamba ngati nthabwala pomwe ine ndikuonamo zambiri. Mnyamatayu atalemba mayeso a Fomu 4 anatsimikiza zomanga yekha kompyuta yosewerera FIFA. Masewerawo anasintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC, koma kuno palibe amawatchula choncho. Anagwira maganyu, anasenza matumba a simenti, anaika ndalama m'chitini. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zochokera kunja inalumpha ndipo chitini chija chinapepuka chili chotseka. Sanagwe ulesi. Anayamba kugula chimodzichimodzi ngati womanga nyumba ya njerwa zowotcha yekha: bokosi la kaunjika lochokera mu ofesi ina, RAM imene msuweni wake anamutumizira pa basi kuchokera ku Joni, ndi graphics card imene anaipeza kwa munthu wina pa Facebook.

Tsiku lomanga, RAM inakana kulowa. Anaitembenuza, inakana. Anakanikiza, inakanabe. Anaona kuti kampata ka pa RAM sikakukumana ndi kadzino ka pa motherboard, ndiye anapita kukabwereka tupa kwa kalipentala kuti apale kadzinoko. Mwamwayi kalipentalayo anali atapita ku maliro. Msuweni uja anatumiza DDR4, ya mano 288, pomwe bokosi limafuna DDR3, ya mano 240. Kampatako anakaika dala pamalo osiyana kuti munthu asalakwitse, chifukwa mitundu iwiriyi imadyanso magetsi osiyana. Anasinthanitsa ndi mnzake, vuto loyamba linatha. Kenaka graphics card inakhala yaitali kuposa bokosi, chivundikiro osatseka, ndiponso imafuna chingwe cha magetsi cha mano asanu ndi limodzi chimene munalibe. Mabokosi opyapyala a m'maofesi anapangidwira kutayipa makalata. Power supply yake imakhala yochepa mphamvu, ndipo ambiri a Dell ndi HP ali ndi mapulagi akeake, osati a mano 24 amene ali m'mabokosi wamba, choncho sungangogula ina pamsika n'kuikamo. Anagulitsa khadilo moluza pang'ono, n'kupeza GTX 1050 Ti yaifupi, imene imakhutira ndi ma watt 75 ochokera pa motherboard pomwepo.

Anaitana anzake asanu. Anadina batani. Fani zinazungulira, sikirini n'kulemba kuti No Signal. Anazimitsa, anayatsa, No Signal. Anzake anayamba kutsanzika mmodzimmodzi. Ndi mlongo wake wa Sitandade 6, amene anali kusuzumira kumbuyo kwa bokosi, amene anafunsa: "Achimwene, nanga timabowo tapansiti ndi ta chiyani?" Chingwe cha sikirini anachibaya pamwamba, pa motherboard, pomwe ukaika graphics card chithunzi chimatulukira pa khadiyo. Anasuntha chingwe, bwalo la mpira linaonekera, ndipo phokoso limene linamveka m'nyumbamo oyandikana nawo anayesa Flames yachinya.

Bambo ake poyamba ankati ndalama imeneyo akanagula mbuzi ziwiri bwenzi pano zitaswa. Lero bambo omwewo ndiwo akunyamula makompyuta a anzawo a ku tchalitchi kubweretsa kwa mwana wawo, ndipo akamamutchula amati "injiniya wathu". Ine ndikuti anyamata ndi atsikana otere tiwalimbikitse. Kumanga kompyuta si matsenga. Ziwalo zake n'zowerengeka: bokosi, power supply, motherboard, purosesa ndi choziziritsa chake, RAM, chosungira mafayilo, ndi graphics card ngati ikufunika. Kuyambira 1995, pamene Intel inakhazikitsa muyezo wotchedwa ATX, ziwalo za makampani osiyanasiyana zimakwanirana m'bokosi limodzi. Luso lonse lagona pa kudziwa chimene chimakwatirana ndi chinzake usanatulutse ndalama. Lembani dzina ndi nambala ya motherboard yanu papepala, muyende nalo pogula, ndipo mutumize chithunzi chake kwa wachibale wa ku Joni asanalowe m'sitolo. Safunsa anadya phula, ndipo mwana wa alamu anga anatsala pang'ono kulidya ndi tupa.

Mayi wina wa malo otayipira ndi kufotokopa wakhala akulalikira uthenga wake kwa aliyense wolowa pakhomo pake. Akuti kale ankayatsa kompyuta, n'kusesa, n'kukolopa, n'kumwa tiyi, pobwera n'kuipeza ikuganizabe. Wina anamuikira SSD, ndipo tsopano akuti tsache asanaligwire n'komwe yadzuka kale. "Achemwali, ndimafuna kuitaya. Ndikanataya ng'ombe chifukwa cha chingwe." Mayiyu ndikugwirizana naye ndi mtima wonse. Hadi yakale ili ndi timbale tozungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi, ndi kamkono kothamanga uku ndi uku kufunafuna fayilo. SSD ilibe chozungulira chilichonse, ndipo ngakhale yotchipa ya SATA imawerenga pafupifupi 500 MB pa sekondi. Ngati muli ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha chotsitsimutsa kompyuta yakale, gulani SSD. Yachiwiri ikapezeka, kwezani RAM ifike 8 GB. Ndipo hadi yanu ikayamba kumveka tiki, tiki, tiki, musadikire mawa. Ikutsanzika imeneyo, kopani zanu zonse lero.

Mkulu wa mpingo wina naye anaponyapo yake: kompyuta ya ku vesitili ikukana chaka. M'mawa uliwonse imabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo pa intaneti masamba akukana kutseguka, akuti wotchi yalakwika. Ena anayamba kale kumasulira kuti ndi chizindikiro. Ndi kabatire chabe, kozungulira ngati kobidi, kotchedwa CR2032, ka ma volti atatu, kamene kamayendetsa wotchi ya motherboard kompyuta ikazima. Kamapezeka kwa okonza mawotchi, ndipo kusintha kwake sikutenga nthawi yoposa kuimba vesi limodzi.

Wophunzira wina wa ku MUBAS, ija tinkaitcha Poly, wakhala akuzungulira ndi fulashi m'thumba kuuza anthu kuti amene makompyuta awo akanidwa ndi Windows 11 asalire. Akuti aikemo Ubuntu kapena Linux Mint, zaulere, zopepuka, ndipo vairasi ya shortcut ija ilibe mano kumeneko. Anthu a pa bawo atamva dzina la Ubuntu anadabwa kuti kodi azungu alitenga kuti. Silinachokere kutali. Ubuntu inayamba mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo liwulo ndi lomwe ife timati umunthu. Madala ena anakondwa kwambiri, akuti tsopano kompyuta iyamba kupereka moni. Uphungu wa mnyamatayu ndi wabwino kwa amene amangolemba makalata, kulowa pa intaneti ndi kuonera mafilimu. Amene ali ndi pulinta kapena pulogalamu ya ntchito imene amaidalira, ayambe ayesa kuchokera pa fulashi, osafufuta kalikonse, aone ngati zonse zikuyenda.

Nanga bokosi la Ahedi? Lachinayi madzulo kunabwera mtsikana wina wa nyumba yachitatu kuchokera kwa Ahedi, amene akuphunzira za makompyuta pa sukulu ina ya ntchito zamanja, ndipo Ahedi omwewo ndiwo anamuphunzitsa Sitandade 8. Anagwada, anapereka moni, n'kupempha kuti ayatse amve yekha. Pii, pii, pii. Anafotokoza kuti kompyuta ikamadzuka imayamba yadziyeza ziwalo, ndipo ikapeza chovuta isanathe kulemba pa sikirini, imanena polira. Kampani iliyonse ili ndi kaliridwe kake, koma pa ma motherboard ambiri kulira katatu kumaloza RAM. Anazula pulagi pakhoma, anagwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi, aja amathetheka ukavula juzi nthawi yozizira, asapweteke ziwalo, n'kutsegula mbali ndi sikuludiraiva. Fumbi limene linali mkatimo linachititsa Ahedi kuyang'ana kumbali. Anatulutsa timitengo tiwiri ta RAM, n'kupempha labala yofufutira pensulo. Ahedi, pokhala mphunzitsi, anatulutsa zitatu. Anapukuta mano agolide aja mofatsa, anauzira fumbi, n'kubwezera kamodzi kokha mpaka kanamveka kuti thwa. Bokosi linalirabe katatu. Anakachotsa, n'kuika kachiwiri kokha. Sikirini inawala.

Nthungululu imene inamveka pakhonde paja, wometa anatuluka ndi makina m'manja. Kamtengo kamodzi ka RAM kanali katafa, ndipo kanali kukokera kanzake kumanda. Palibe Microsoft, palibe vairasi, palibe mfiti. Koma chimene ndinamulemekezera mtsikanayu si labala ayi. Amayi akuvina, iye sanalole kuti aliyense agwire mausi mpaka atakopera kaundula pa mafulashi awiri, imodzi ya Ahedi, ina ya amayi apampando, ndipo anawapempha kuti mawa lake akasindikize mapepala onse awasunge m'bokosi lawo la ndalama la maloko atatu. "Aphunzitsi, lero tapulumuka chifukwa yafa ndi RAM. Ikanakhala hadi, bwenzi tikulira zenizeni." Ahedi anagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu, ndipo nthochi zija anapatsidwa mtsikanayo. Mayi wa ngongole yonenepa uja ndi amene anayamba kuwomba m'manja, ndipo Lachisanu anabweza theka.

Tsopano wometa akuuza makasitomala ake kuti iye ananena kale kuti ndi RAM. Obena nyimbo akufunsa kumene kumagulitsidwa malabala abwino. Bambo wa kompyuta ya ku Indiana uja akuti watsitsa bokosi lake pa wadirobu ndipo akufunafuna power supply.

Inu amene mukuwerenga, ngati muli ndi bokosi limene munalitaya mtima pansi pa bedi kapena pamwamba pa kabati, litulutseni, muliyatse, mumvetsere kuti likulira kangati, ndipo mupite nalo kwa wodziwa musanalole aliyense kulifomata. Ngati lanu likuyenda bwino, tengani fulashi usiku uno mukopere zithunzi, makalata ndi kaundula wanu, fulashiyo mukaisunge m'nyumba ina.